Khutuba ya Juma: Kusosa malo tisanakumbe maziko

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mwini nthaka ndi zonse zili m'menemo. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Iye, ndi kuti Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mvula yatha, zokolola zalowa m'nkhokwe, ndipo kuyambira ku Insaca mpaka ku Entre Lagos utsi wa mauvuni a njerwa ukufuka. Ambiri mwa ife tikusosa malo omangapo nyumba: tikuzula zitsa, tikugumula chulu, tikusalaza. Koma chilipo chitsa chimene khasu silingazule, ndicho gawo la munthu wina pa nthakayo.

Mtumiki atasamukira ku Madina m'chaka cha 622, ngamira yake inagwada pa bwalo loyanikapo tende. Bwalolo linali la anyamata awiri amasiye, Sahl ndi Suhail. Anyamatawo anafuna kulipereka ulere, koma Mtumiki anakana kufikira atawalipira. Taganizirani, abale: chimene ankafuna kumanga ndi nyumba ya Allah, wopempha ndi Mtumiki wa Allah, eni malo avomera okha, komabe mtengo unaperekedwa. Kenako anadula mitengo ya tende, anasalaza mabwinja amene anali pamenepo, nayamba kunyamula njerwa, iye mwini akunyamula nawo. Nanga ife, amene timamanga pa munda wa malemu m'bale wathu ana ake akadali aang'ono, n'kumati adzapeza pena akakula, tidzayankha chiyani?

Imam Bukhari ndi Imam Muslim analemba chenjezo la Mtumiki lakuti wolanda mopondereza ngakhale kachigawo ka nthaka kolingana ndi chikhatho, adzakolekedwa nako m'khosi pa tsiku la Kiyama, kuzama kwake mpaka nthaka zisanu ndi ziwiri. Muslim analembanso kuti wosuntha zizindikiro za malire ndi wotembereredwa. Kwathu kuno zizindikirozo ndi nkhadze, mango a makolo, mwala, mzere wa mizinga. Amene amadzala nkhadze yake usiku, phazi limodzi m'kati mwa mnzake, adziwe kuti Hadith imeneyi ikunena za iye.

Choncho tisanakhome zikhomo, tiitane oyandikana nawo mbali zonse, tiitane amfumu, tiitane mwini mbumba, ndipo amayi asasiyidwe kunja, pakuti kuno malo ambiri amatsata bere. Lamulo la malo la Mozambique la chaka cha 1997 limati nthaka ndi ya Boma, siigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu woigwiritsa ntchito, umene timautcha DUAT. Lamulolo limavomereza amene akukhala pamalo mwa mwambo wa makolo, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi limaulandira. Tsono musanyoze gogo wopanda chikalata. Wina akakuuzani kuti akukugulitsani malo, funsani bwino chimene mukulipira, mulembe pepala pamaso pa mboni, monga Surat Al-Baqara itiphunzitsira pa za ngongole. Amene muli pafupi ndi njanji ya ku Nacala, kumbukirani kuti mamita 50 mbali iliyonse ndi malo otetezedwa.

Madzi nawonso ali ndi malire awo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Ikaphwa imasiya dambo lokopa maso, ikadzaza imabwera kudzatenga zake. Mvula ya namondwe Freddy mu 2023 tonse tikuikumbukira. Surat At-Tawba, ndime 109, imayerekeza ntchito yopanda taqwa ndi chimango chokhala m'mphepete mwa gomo logumuka. Fanizolo likanakhala lopanda mphamvu kukanakhala kuti kumanga pamalo otero n'kwanzeru. Funsani akuluakulu pamene madzi anafika kale, mumange pamtunda pake. Ngalande yanu isathire madzi pakhomo pa mnzanu, ndipo chimbudzi chitalikire chitsime, chanu ndi chake chomwe.

Chatsala chimodzi, chimene ena amachita mobisa. Amakwirira zithumwa ndi mizu m'ngodya zinayi za maziko, ati kutsirika nyumba. Imeneyo ndi shirk, ngakhale wokulemberani chithumwacho atavala mkanjo ndi kofia. Khasu loyamba litsike ndi Bismillah, ndipo amisiri ndi onyamula madzi alipidwe monga munapanganirana, thukuta lawo lisanaume.

Tanena izi, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah, cha ife ndi cha inu. Mpempheni, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.