Sadaka yobisa ndi mphatso yobisa: kodi ndi chinthu chimodzi?



Lachisanu lina titatuluka mu mzikiti, tinakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi phiri la Michesi. Nkhani inali ya fetereza, monga mwa nthawi zonse kuno ku Phalombe. Ine ndinati makampani ogulitsa fetereza ndi mbewu, komanso ogula nandolo wathu, aziulula ndalama zimene amapereka ku zipani. Mnzanga wina anandidula: "Akhi, si Chisilamu chomwecho chimati kupereka mobisa nkwabwino? Bwanji ukufuna anthu azilengeza?"

Kunena zoona, ndinasowa choyankha. Ndakhala ndikuliganizira funsoli, ndipo lero ndili ndi yankho langa.

Ndi zoona, Surat Al-Baqarah imayamikira sadaka yoperekedwa mobisa kwa osauka. Koma chinsinsicho chimateteza ndani? Chimateteza mayi wamasiye kuti asachite manyazi, chimatetezanso mtima wa woperekayo ku riyaa, kudzionetsera. Mayiyo alibe kontirakiti yoti adzakupatse mawa. Malipiro ako ali kwa Allah basi.

Chipani si mayi wamasiye. Chikalowa m'boma chimasankha amene abweretse fetereza wa sabuside, monga zakhalira kuyambira pa FISP mu 2005 mpaka AIP mu 2020. Chimaika mitengo yogulira mbewu, chimapereka ziphaso zotumizira zokolola kunja. Ndiye kampani ikapereka mamiliyoni kuseri, mlimi wa ku Migowi ali ndi ufulu wofunsa: kodi ndi mphatso, kapena ndi ngongole imene ndidzabweze ine pa thumba la fetereza?

Surah yomweyo ili ndi ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282, ndipo nkhani yake ndi yolemba ngongole pamaso pa mboni. Zimene zingadzabweretse mkangano zimafuna cholembera, osati mdima.

Kumbukiraninso nkhani ya Ibn al-Lutbiyyah, amene Mtumiki (SAW) anamutuma kukatolera zakaat. Atabwerera anapatula katundu wina nkuti ndi mphatso zake. Mtumiki anamudzudzula poyera, ndipo muyeso wake unali wosavuta: akanangokhala kunyumba kwa makolo ake, mphatsozo zikanamupeza? Muyeso womwewo tiuike pa chipani. Chikanakhala chopanda mwayi wolamula, kampaniyo ikanapereka?

Si nkhani yongoganizira ayi. Mu 2018 dziko linamva kuti K145 miliyoni yochokera ku Pioneer Investments, kampani imene inali ndi kontirakiti yogulitsa chakudya ku polisi, inalowa mu akaunti ya DPP. Tinadziwa chifukwa lipoti la ACB linatuluka mozemba, osati chifukwa wina anaulula yekha. Chaka chomwecho lamulo la zipani linayamba kugwira ntchito. Limati chipani chiziuza mlembi wa zipani za thandizo lililonse loyambira K1 miliyoni kuchokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni kuchokera ku bungwe. Lamuloli silisankha mtundu wa nsalu, limagwira chipani chilichonse.

Sindikunena kuti kuthandiza chipani ndi haramu, kapena kuti aliyense wopereka ndi wakatangale. Niyya ya munthu amaidziwa ndi Allah. Koma poti ife sitiona mitima, tiyenera kuona mabuku. Amene wapereka ndi mtima woyera sataya kanthu dzina lake likadziwika.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi: nanenso ndinalandirapo tisheti ndi kandalama pa msonkhano wa kampeni, osafunsa kuti zachokera kuti. Mwina ndinadya ndalama ya fetereza wa amayi anga omwe. Astaghfirullah.

Ndiye phungu kapena khansala akabwera kwanu, mufunseni mwaulemu: "Bwana, kampeni yanu analipira ndani?" Ndipo iwe m'bale amene uli pa bizinesi ya mbewu, sadaka yako ibise, koma ya chipani ilembetse.

Allah atipatse rizq ya halali, atitalikitse ku chuma chokayikitsa. Ameen.

Inu mukuona bwanji? Mnzanga uja ndamuyankha, kapena pali pamene ndaphonya?