Kodi Chipangizo Chingakhale Mphunzitsi?

Kalekale mumzinda wa Athens, ku Greece, munali munthu wanzeru dzina lake Socrates, amene anamwalira m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe. Munthu ameneyu ankakayika za ubwino wa kulemba. Anasimba nthano ya mfumu ina ya ku Egypt imene inakana kuyamikira luso la zilembo, poopa kuti anthu akalidziwa adzaleka kusunga zinthu pamtima, ndipo adzaoneka anzeru chikhalirecho nzeru alibe. Anatinso mawu olembedwa ali ngati chithunzi, pakuti munthu akawafunsa kanthu sayankha. Chodabwitsa n'chakuti maganizo akewa akudziwika lero chifukwa wophunzira wake Plato anawalemba m'buku lotchedwa Phaedrus.

Munthu amene wadziwa kuwerenga atakula kale sangavomereze kuti kulemba n'koipa. Iyeyo amadziwa manyazi opempha mwana wa mnansi kuti amuwerengere kalata yachinsinsi, ndiponso manyazi odinda chala pamene anzake akusayina. Komatu nkhawa ya Socrates sinathe. Imabweranso nthawi iliyonse pamene chipangizo chatsopano chalowa m'sukulu, ndipo m'Malawi chalowa kangapo.

M'chaka cha 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana, amene anali osakwana mamiliyoni awiri, anafika pafupifupi mamiliyoni atatu m'chaka chimodzi. Ena anaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo mphunzitsi mmodzi ankaima ndi choko pamaso pa ana zana kapena kupitirira. Tsono mphunzitsi wotere, ngakhale akhale wachangu chotani, angamve bwanji mwana aliyense akuwerenga? Atapatsa aliyense mphindi imodzi yokha, phunziro litha asanafike ndi pakati pomwe.

Anthu anafunafuna chothandiza. M'chaka cha 2008 wailesi ya MBC inayamba kuulutsa maphunziro otchedwa Tikwere. Mawu a m'wailesi ankafunsa funso, nakhala chete pang'ono kuti ana ayankhe, ndipo ankauza mphunzitsi choti alembe pabolodi. Pambuyo pake kunabwera matabuleti a bungwe la onebillion, ophunzitsa kuwerengera ndi kuwerenga m'Chichewa, amene anayesedwa pasukulu ya Biwi ku Lilongwe m'chaka cha 2013. M'chaka cha 2023 boma linayamba ntchito yotchedwa BEFIT, yofuna kuwafikitsa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Mwana amavala zomvera m'makutu, nakhudza zithunzi ndi zilembo ndi chala chake, ndipo moto wake umachokera ku sola.

Kunena zoona, pali chimene tabuleti imaposa nacho anthu ambiri, ndicho kudekha. Mwana akalakwa kasanu, iyo imabwereza kasanu osakweza mawu. Simuseka, simutcha mbuli, ndipo ilibe chikoti. Mwana wamanyazi, amene sakweza dzanja m'kalasi poopa kusekedwa, amayesa momasuka popeza palibe womuona. Ngakhale chidandaulo cha Socrates chija yachiyankha pang'ono, pakuti imamuuza mwana ngati wakhoza kapena walakwa. Mphunzitsi woikana chifukwa cha nsanje, poopa kuti ulemu wake uchepa, akusunga ulemuwo ndi tsogolo la ana a eni. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mwana wotuluka mu Sitandade 4 osadziwa kuwerenga kawirikawiri amasiyira sukulu panjira.

Koma tabuleti imadziwa kuti mwana walakwa. Sidziwa chimene walakwira. Pakhale mtsikana amene wasokoneza chilembo b ndi d masiku atatu otsatizana. Mwina maso ake saona bwino. Mwina wachoka kunyumba osalawa phala, kapena anagona mochedwa akudwazika amayi ake. Kwa tabuleti zonsezi n'chimodzimodzi, ndipo idzangomubwerezera phunziro lomwelo ndi mawu okoma omwewo. Woona milomo youma, woona mwana akutsinzina diso poyang'ana, wodziwa kuti m'mudzi wakutiwakuti munagwa maliro, ndi munthu yekha. Ndiponso tabuleti singaitanidwe pabwalo kukafunsidwa za mwana amene walephera. Makolo popereka mwana wawo kusukulu amamupereka m'manja mwa munthu amene angathe kumufunsa.

Apa mpamene pali yesero lalikulu. Ana akavala zomvera zija, m'kalasi mumati zii, bata limene mphunzitsi wa ana zana salipeza tsiku lonse. Iye watopa, mmero wauma ndi fumbi la choko, makope osachonga ali mulu, ndipo malipiro mwina achedwa. Palibe woyenera kumuweruza msanga akalakalaka kukhala pampando n'kuyang'ana foni yake. Nanga nthawi imene tabuleti yamasulayo njayani? Sinagulidwe kuti mphunzitsi apume. Ndiyo nthawi yokha imene iye angagwade pambali pa mwana mmodzi, n'kuona kumene chala chake chikupita, ana enawo osasokosa. Akaitenga nthawiyo kukhala yake, anawo amasanduka oleredwa ndi chinthu chosaona, ndipo chovuta n'chakuti kalasi imaoneka yadongosolo kuposa kale, kotero kuti woyendera sukulu angathe kudutsa pawindo nayamikira.

Palinso cholakwa china chooneka ngati kusamala. Mphunzitsi wamkulu wamantha angathe kutsekera matabuleti m'kabati kuti asasweke, n'kumawatulutsa tsiku la alendo lokha. Sileti ya m'sukulu za mishoni inkasweka, ndipo khasu lolima limatha mano. Makolo a m'komiti ya sukulu, ngakhale amene adziwa zilembo chaka chino chomwe, ali nawo ufulu wofunsa kuti matabuleti anatuluka masiku angati sabata yatha, ndipo mphunzitsi anali pati pamene ana anali nawo m'manja. Angathenso kuitana mwana madzulo, kumupatsa buku la sukulu ya kwacha limene iwo akuphunzira, n'kumupempha kuti awerenge mzere umodzi mokweza.