Mbewa ya manyazi ndi ng'oma yolira

Ife amene tinakulira m'mbali mwa mishoni ya Matandani, imene a Seventh-day Adventist anaikhazikitsa mu 1908, tinaphunzira kuyimba m'kwaya, mmene mawu ako sayenera kukwera pamwamba pa a mnzako. Munthu wodzitchula yekha kuti ndine katswiri tinkamuona ngati wopanda mwambo. Ndiye adzukulu akamatsegula nyimbo za ku Nigeria m'mafoni mwawomu, anyamata akudziguguda pachifuwa ndi maunyolo agolide m'khosi, akuluakulu anzanga amangopukusa mitu. Ine mutu wanga sindifulumira kuupukusa.

Taonani Burna Boy. Mu 2019 anamuitana ku Coachella, chikondwerero chachikulu cha nyimbo ku America, koma dzina lake analilemba m'timalemba ting'onoting'ono pa chikalata cholengezera. Mnyamatayo anadandaula poyera, ndipo chaka chomwecho anatulutsa chimbale cha African Giant. Ambiri anati wadzikweza. Mu 2021 analandira mphoto ya Grammy, mu 2023 n'kudzaza London Stadium. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ife Amalawi imfa imeneyi timaidziwa bwino. Mandalena ndi mbatatesi za kuno ku Neno n'zosiririka, komatu venda akafika ndi lole amatchula mtengo ndi iyeyo, mlimi n'kungoti zikomo bwana. Mtima womwewo ndi umene wakhala ukupha oyimba athu. A Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anayimba moyo wawo wonse, koma dziko lakunja linadzawadziwa ali ndi zaka 90, Patience Namadingo atakhala nawo pansi n'kuyimba nawo limodzi. Luso lonse lija linali pomwepo kuyambira kale. Chimenechi chimandiwawa.

N'chifukwa chake woyimba wathu Tay Grin atadzitcha Nyau King, kapena Fredokiss akamanyadira ana a m'maghetto, sindikwiya nawo. Mwana wa ku Ndirande kapena wa kwa Chekucheku akamva mnzake akuyankhula mosagwetsa nkhope, nayenso amadzuka.

Komabe ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Kudzitama kwa Burna Boy kunadza atakhetsa thukuta, pakuti chimbale chake choyamba chinatuluka mu 2013. Woyimba mnzake Davido naye akamanena za chuma sanama, bambo ake a Adedeji Adeleke ndi mpondamatiki. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mnyamata wathu amene wajambula nyimbo imodzi yokha, wabwereka galimoto ndi jekete kuti ajambulitse vidiyo, kenako n'kuyamba kunyoza anzake kuti ndi amphawi, pamene amayi ake kumudzi akusowa thumba la feteleza. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kudzidalira n'kwabwino, koma kukayamba kudyera pa ulemu wa ena kwasanduka matama, ndipo matama satenga nthawi kuonekera poyera. Kudziwa mphafa ya buluzi n'kung'amba: mpatseni mnyamata wotereyu maikolofoni popanda makina okometsa mawu, mumve chimene chili m'katimo.

Inu adzukulu amene mumalota za situdiyo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pitani, ndipo mukafika musakagwetse nkhope pamaso pa munthu aliyense. Mtengo wa ntchito yanu muzitchula nokha. Koma yambani mwaphunzira kuyimba, ngakhale m'kwaya ya pa Sabata momwemu, ndipo galimoto yobwereka muisiye kwa mwini wake.