Msewu wa Kumunda Ukudikira Ife

Anzanga a ku Lobengula, a ku Njube, a ku Magwegwe, tiyeni tidzuke! Ambiri tili ndi kamunda kunja kwa tauni, ku Umguza, ku Nyamandlovu, ena kumudzi ku Malawi komweko. Kulima timalima. Kukolola timakolola. Koma lole imathera pamsewu waukulu, matumba n'kumabwera pamutu. Mpaka liti?

Tikudikira giredala ya boma? Kafunseni anthu a ku Nkayi kuti phula la msewu wawo alidikira zaka zingati. Khasu tili nalo. Piki tili nayo. Fosholo, wilibala, chingwe, zonse zili kuseri kwa nyumba. Manja ndi omwewa, a zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito kunjanji ndi m'migodi ya dziko lino. Ku Malawi, ntchito zachitukuko za MASAF zitayamba mu 1995, anthu akumudzi analambula misewu ndi makasu, galimoto n'kufika kumene sinkafika.

Choyamba, kaonaneni ndi mfumu, khonsolo ndi eni minda yoyandikana. Msewu woba malire umathera m'milandu. Mukamvana, khomani zikhomo, kokani chingwe. Tsatani pamtunda, dambo mulilambalale, ngakhale njira italikeko.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ambiri amagwera pomwepa: chimene chimadya msewu ndi madzi. Kusalaza kokha sikukwanira. Kumbani ngalande mbali zonse ziwiri. Dothi lotulukamo liponyeni pakati, msewu utumphuke ngati nsana wa ng'ombe, madzi azitsetsereka kumanja ndi kumanzere. Sinjani dothilo lili lachinyezi. Sinjaninso! Pakapita kamtunda, patulani kangalande kotaya madzi kuthengo, asathamange nthawi yaitali n'kukumba chigwembe. Pakhwawa ikani kalavati, kapena yalani miyala. Kumchenga wa ku Nyamandlovu, kumene matayala amangopukusa pamodzimodzi, thirani miyala ing'onoing'ono pamwamba.

Ndalama ya simenti? Chipereganyo timachidziwa. Zamaliro timasonkha mwezi ndi mwezi osaphonya, ndiye ya kalavati imodzi itikanike?

Mvula kuno imayamba cha mu Novembala. Isatipeze tikukambirana pa WhatsApp. Mamita makumi awiri lero, makumi awiri sabata yamawa, msewu ukupita. Loweruka likubwerali tikumane pa siteshoni ya mabasi ku Renkini m'mamawa, aliyense ndi khasu lake.