Njala ya munthu wokhuta

Anzanga ophunzira, nkhani ya lero ndi ya pakamwa ndi pamimba. Nkhaniyi ndi yanga. Ndaiika poyera kuti tiiweruze pamodzi.

Ine ndimagula mbatata ya kacewere kwa alimi a ku Tsangano ndi kukagulitsa pa msika wa ku Ulónguè. Kale ndinali mlimi. Ndinkadzuka tambala woyamba, khasu paphewa, ndipo thupi langa linali louma ngati mpini. Malonda atayamba kuyenda ndinagula njinga yamoto. Ndinaleka kuyenda pansi. Khasu langa ndinapatsa aganyu. Tsiku lonse ndinkangokhala pa thumba kudikira ogula. Kudzanja lamanja kunali mnyamata wa ciwaya ca cipisi ndi nyama ya nkhumba. Kumanzere kunali mai wa mandasi. Kutsogolo kunali baraka ya bolasha ndi refresko wozizira. Pa zaka 6 ndinaonjeza makilo 20.

Anthu anandiyamika. "Mwanenepa, alamu! Zinthu zikuyenda!" Apongozi anga anauza mwana wao kuti akudziwa kusamala mwamuna. Ine ndinakondwa. Ndinaiwala mau a akulu akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kenaka mutu unayamba kundipweteka. Pokwera kaphiri ka kwathu mpweya unkandithera. Kucipatala anamwino anandimanga lamba pamkono, nandiika pa sikelo. Iwo anati: "Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Iyi ndi tensau. Thupi lalemera. Mukapanda kucepetsa, matenda a shuga ali m'njira, kapena tsiku lina mudzafa ziwalo mbali imodzi." Anandipatsa mankhwala. Anandiphunzitsanso muyeso wa cingwe, umene inunso mungayese kunyumba. Tengani cingwe cotalika ngati msinkhu wanu, kucokera kuphazi kufika pamutu. Cipindeni pawiri. Cingwe copindaco ciyenera kuzungulira mimba yanu, pamwamba pang'ono pa mcombo. Ngati nsonga zake sizikumana, ndiye kuti mafuta a m'mimba aculuka. Canga cinaperewera dzanja lathunthu.

Tsiku lomwelo ndinalumbira pamaso pa mai a kunyumba. Ndinati ciwaya ndasiya, refresko ndasiya. Masiku anai ndinapirira. Lacisanu malonda anavuta, dzuwa linatentha, ndipo mphepo inali kubweretsa fungo la cipisi kumene ndinakhala. Ndinati mumtima: kamodzi kokha. Nditatha mbale ija ndinati: popeza ndalakwa kale, tsiku la lero laonongeka. Ndinaonjeza mandasi anai ndi mabotolo awiri. Madzulo ndinapukuta pakamwa bwinobwino. Kunyumba ndinadya pang'ono, ndipo mai anandiyamika kuti ndikusunga lonjezo. Zinayenda motero miyezi yambiri.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi munthu amene afuna kusiya, koma dzanja lake libwerera m'mbale, ndi wolakwa?

Ambiri ayankha msanga. Anena kuti ndi kususuka. Kwathu mwana wosusuka timam'dzudzula akali wamng'ono, kuti asadzatticititse manyazi kwa eni. Palibe amene anandimanga manja. Ndalama ndinatulutsa ndekha m'thumba. M'yankho limeneli muli coonadi, ndipo tidzabwererako. Koma woweruza wabwino amayamba wamva mbali zonse.

Mboni yoyamba ndi njala. Ine ndinakula nthawi ya nkhondo. Ndinaona cilala ca 1983. Tinathawira ku Dedza, m'dziko la Malawi, monga anacitira anthu ambiri a ku Angónia. Kumeneko tinkaima pamzere kulandira cimanga ndi nyemba. Mu 1992 mvula inakananso, ndipo tinadya nsima ya cimanga cacikasu. Mwana wokula motere amaphunzira lamulo limodzi: ukaona cakudya, idya cithe, cifukwa za mawa suzidziwa. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, koma mimba yanga sinamve uthengawo. Mpaka lero ndikaona cakudya cotsala m'mbale mtima sukhazikika.

Thupi la munthu lili ngati mwini nkhokwe wocenjera. Likapeza zambiri limasunga, poopa caka coipa. Zimene lasungazo ndiwo mafuta. Ku Holanda kunagwa njala yaikulu m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945. Madokotala anatsatira ana amene anali m'mimba mwa amai ao pa nthawi imeneyo. Anapeza kuti anawo atakula, kunenepa kwambiri ndi vuto la shuga m'magazi zinkapezeka mwa iwo kuposa mwa anzao. Tiyeni tiganize: ndi angati a ife amene anabadwa m'zaka za njala?

Mboni yaciwiri ndi cakudyaco. Mbatata yophika ndi cipisi zimacokera m'munda umodzi, koma sizifanana. Mbatata yophika ukadya zitatu kapena zinai wakhuta. Ikalowa m'ciwaya imamwa mafuta, ndipo galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu zoposa kawiri galamu imodzi ya ufa. Pamwamba athirapo mcere. Mafuta, mcere ndi shuga zikakumana, lilime silinena kuti basi.

Za refresko ndiye zoposa. Citini ca mamililita 330 ca refresko wotsekemera kwambiri cimakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi 8 kapena 9. Ndani wa ife angathire masupuni 9 m'kapu imodzi ya tiyi anthu akuona? Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la OMS, linalangiza kuti shuga wothira asapitirire pafupifupi masupuni 12 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Ine ndi mabotolo anga awiri ndinali nditadutsa kale malire dzuwa lisanapendeke. Makolo athu nawo ankakonda zotsekemera. Ankadya nzimbe. Koma nzimbe uyenera kusenda, kutafuna ndi kulavula, ndipo nsagwada zimatopa. Refresko ukameza kangapo watha, mimba n'kukhala ngati sinalandire kanthu.

Ku America, katswiri wina dzina lake Kevin Hall ndi anzake anasunga anthu 20 m'cipatala ca kafukufuku kwa mwezi umodzi. Masabata awiri anawapatsa zakudya zopangidwa m'fakitale. Masabata ena awiri anawapatsa zakudya zophikidwa kucokera ku zinthu za kumunda ndi za m'khola. Aliyense ankadya mmene afunira. Pa zakudya za m'fakitale anthuwo ankadya makalori pafupifupi 500 oonjezera tsiku lililonse. Kalori ndi muyeso wa mphamvu ya cakudya, ndipo 500 ndi gawo limodzi mwa magawo anai kapena asanu a zimene munthu wamkulu amafuna pa tsiku. Pa masabata awiriwo anaonjeza pafupifupi kilo imodzi. Pa zakudya zinazo anataya pafupifupi kilo imodzi. Anthu anali omwewo, mitima yomweyo. Cimene cinasintha ndi cimene cinaikidwa patsogolo pao.

Palinso ici. Munthu akayamba kuonda, thupi limayesa kuti njala yafika, ndipo limakulitsa cilakolako ca cakudya. Ine ndinkadzimana m'mawa kuti ndionde msanga. Pofika masana ndinali fisi.

Mboni yacitatu ndi mudzi. Mudzi umayamika wonenepa. Woonda umam'nong'oneza: "Kodi uja ali bwino?" Tinaika abale ambiri m'manda cifukwa ca Edzi, ndipo kuyambira pamenepo kuonda kunasanduka cinthu coopsa. Ukafika kwa apongozi akutumira mwana kukagula refresko ndi ndalama yao yomaliza. Ungakane bwanji? Kukana cakudya ca eni kwathu ndi mwano. Conco munthu wofuna kucepetsa thupi amalimbana ndi pakamwa pake, amalimbananso ndi cikondi ca abale ake.

Kodi tsono mlandu watha? Kodi ndituluke m'bwalo ndikuvina? Iai.

Tsiku lina Lamulungu mnyamata wa ciwaya uja anafika kunyumba. Anapeza mai akusesa pabwalo. Anagwada mwaulemu, nati: "Amai, ndabwera kwa abambo. Ndi za ndalama ya cipisi ya mwezi uno." Mai sanakalipe. Analowa m'nyumba, natenga ndalama yao ya nyemba, nam'lipira. Mnyamata atapita anandiyang'ana, nati: "Atate ake a ana, nanga ndiwo zopanda mafuta zija ndakhala ndikuphikira yani?"

Ndinasowa pogwira. Pamenepo ndinaona pamene panali kulakwa kwanga. Kumva fungo la cipisi ndi kukhumba si chimo. Ngakhale kugonja tsiku lina si cinthu cacilendo. Koma ine ndinanama. Ndinalola mkazi wanga kuyamika munthu amene kulibe. Banja lonse linasintha kadyedwe cifukwa ca ine, pamene ine ndinali kudya kuseri.

Ndipo panali nkhani ya ndalama. Usiku umenewo tinawerengera zimene ndinkasiya pa ciwaya ndi pa baraka sabata iliyonse. Zikanagula mazira ndi usipa wokwanira mdzukulu wathu sabata yonse, n'kutsalako ya sopo. Mdzukuluyo ndi wamfupi kuposa anzake, ndipo kusikelo anauza mai ake kuti sakukula bwino. Mwana wotere sali yekha. Kafukufuku wa dziko lathu wa 2011 anapeza kuti ana 43 mwa 100 osakwana zaka 5 anali okwinimbira. Wa 2022 mpaka 2023 anapeza 37 mwa 100. M'nyumba imodzi munali agogo onenepa ndi mdzukulu wokwinimbira. Ine pobwera kumsika ndinkam'gulira masiwiti ndi bolasha, ndikuyesa cikondi. Mwana akadya zimenezo nsima ankaikana. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Kwathu zinatembenuka: zodya akulu zinali kupota mwana.

Ena amati thupi ndi langa, ndidye zimene ndifuna. Ine ndinaleka kunena motero. Ndikadzafa ziwalo, adzandinyamula ndani kupita kucimbudzi? Adzagulitsa mbuzi ndani kuti andipititse ku Tete? Thupi la kholo eni ake ndi ambiri.

Koma ndinene izinso, cifukwa m'kalasi muno alipo onenepa ndipo alipo oseka. Manyazi saondetsa munthu. Tsiku limene anzanga a pamsika anandiseka kuti njinga yamoto ikulira pansi panga, ndinapita kuseri kwa baraka ndi kudya kuposa masiku onse. Wosekedwa amabisala, ndipo wobisala amadya yekha. Ngati mufuna kuthandiza mnzanu, musam'che maina. Akafika kwanu musam'kakamize botolo. M'patseni madzi ndi cimanga cowocha, kapena mango, kapena masau ngati ndi nyengo yake.

Mai ndi ine sitinapanganenso za kulumbira. Lumbiro ndinaliyesa, ndipo linakhala masiku anai. Tinayamba ndi matumba. Ndinawasamutsa kupita mbali ina ya msika, kumene kuli amai a tomato ndi kabici. Kumeneko fungo silifika. Munthu wofooka ngati ine sayenera kuyesa mphamvu zake tsiku lonse pafupi ndi ciwaya, monga sitimangira mbuzi pafupi ndi dimba. M'mawa sindicoka osadya. Ndimadya phala la mgaiwa la nsinjiro kapena mbatata yophika, ndipo m'thumba ndimatenga nthoci ziwiri ndi botolo la madzi. Madzulo mitanda ya nsima inacoka pa inai kufika pa iwiri, koma nkhwani, bonongwe ndi nyemba zinaculuka. Mafuta mai amayesa ndi supuni, sathiranso ndi botolo. Mcere tinacepetsa, pakuti a OMS amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiyo supuni ya tiyi imodzi, ndipo kaldu uja timathira m'ndiwo ali ndi mcere wake kale. Mankhwala a tensau sindinasiye. Masiku awiri pa sabata ndimalandanso khasu kwa aganyu. Kwa apongozi ndinaphunzira kunena kuti: "Zikomo kwambiri, amai, koma acipatala anandiletsa." Mau akuti cipatala anthu amawalemekeza, ndipo palibe wokhumudwa.

Cinthu cimodzi cikundivutabe, ndipo ndicisiya kwa inu. Mnyamata wa ciwaya si mdani wanga. Ali ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo ciwayaco ndiwo munda wake. Mbatata imene amakazinga amagula kwa ine. Ana a sukulu akamadya cipisi masana m'malo mwa cakudya ca kwao, gawo la ndalama yao limafika m'thumba langa. Sindinaleke kum'gulitsa, pakuti nanenso ndili ndi banja. Koma ndikamam'pimira ndowa sindikhala womasuka monga kale.

Sabata yatha ku ukwati wa mwana wa mlongo wanga ndinamwa refresko iwiri ndi kudya nyama yokazinga mpaka lamba anandithina. Pobwerera ndinauza mai tili m'njira, asanafunse. Iwo anaseka, nati anandiona. M'mawa mwake ndinadya phala langa ndi kupita kumunda. Cingwe cija cili pa msomali kuseri kwa citseko. Mwezi watha cinaperewera zala zitatu.