Kodi Kuiwala Ndi Mlandu?

Kumudzi munthu akakumba mbuna ya nguluwe nasamuka osaikwirira, mwana wa mnzake n'kugweramo, mfumu sifunsa ngati wokumbayo anali ndi mtima woipa. Imangofunsa kuti anakumba ndani, nanga anauza yani pochoka. Funso lomwelo ndifuna tilifunse sukulu za ukachenjede.

Mu 1968 Yunivesite ya Delhi, ku India, inagula makina otchedwa Gammacell kuchokera ku Canada. M'kati mwake munali cobalt-60, chitsulo chotulutsa cheza chosaoneka ndi chosanunkha, koma chowononga magazi ndi mafuta a m'mafupa. Makinawo analeka kugwira ntchito mu 1985, nakhala chigonere m'dipatimenti ya chemistry zaka 25. Mu February 2010 anagulitsidwa pa okushoni ngati chiphakasa. Amalonda a ku Mayapuri, msika wa zitsulo zakutha, anawaphwasula nachotsa mtovu umene unkatchinga chezacho. Pofika April anthu angapo anali gone m'chipatala, ndipo mmodzi anamwalira.

Wina anena kuti ogulitsawo sanadziwe. Kapena n'zoona, pakuti zaka 42 si masewera: aphunzitsi amapuma ntchito, mafayilo amadyedwa ndi chiswe. Komatu kusadziwa kwa wophwanya zitsulo ndi kusadziwa kwa pulofesa n'kosiyana. Woyambayo palibe anamphunzitsa. Wachiwiriyo amalandira malipiro chifukwa cha kudziwa. Nanga yunivesite ilipo chifukwa chiyani, ngati si kusunga zimene mbadwo wina unadziwa kuti mbadwo wotsatira uzipeze?

Chimene chimandizunguza mutu ndi masamu ake. Mphamvu ya cobalt-60 imatsika ndi theka pa zaka 5 ndi miyezi 3 iliyonse. Pofika 2010 inali itatsika chotero maulendo 8, kutsala gawo limodzi lokha mwa magawo 250 kapena kuposerapo pang'ono. Kagawo kameneko n'kamene kanapha munthu. Chitsulo chimazirala pang'onopang'ono, pamene ife, ophunzira tomwe, sitikumbuka ngakhale za mayeso a chaka chatha.

Ine ndikuti ngongole ya zinyalala zotere imayamba tsiku logula, osati tsiku lotaya. Wosaina kalata yoitanitsa makina akhale atalembanso kumene adzatayidwe ndi amene adzalipire.

Mu 2011 apolisi anatsegulira mlandu aphunzitsi 6 a pa yunivesiteyo. Ndikadakhala woweruza, ndikadaitanitsanso amene anatseka chitseko cha chipinda chija mu 1985, ndi kuwafunsa kuti makiyi anasiyira yani, ndipo anamuuza zotani.