Chitseko chofunsa koma chosamva yankho

Pa 19 June 2011, kwa maola pafupifupi 4, munthu aliyense akanatha kulowa mu akaunti ya mnzake pa Dropbox, kampani ya ku America yosungira anthu mafayilo pa intaneti. Bola kudziwa imelo ya mwini wake basi. Kabokosi ka pasiwedi kanalipo ndithu, kakufunsa monga mwa masiku onse. Ulembe "chambo", ulembe "nsima", ulembe dzina la agogo ako, chitseko chinkangotseguka. Akatswiri a kampaniyo anali atasintha pulogalamu, n'kuphonya penapake, moti inasiya kufananitsa zomwe walemba ndi pasiwedi yeniyeni.

Kodi chitseko chotere n'chimodzimodzi ndi khomo lopanda chitseko? Ine ndikuti n'choipirapo. Khomo lapululu silinamiza munthu. Ukaliona, tindalama tako umakatibisa kwina. Koma chitseko chofunsa chimakuuza kuti gona tulo, alipo akuyang'anira, ndiye iwe n'kusiya zonse pamenepo.

Kuno ku Kuti, ku Salima, nyama zili mumpanda ndipo polowera pali geti. Tingoyerekeza kuti tsiku lina pabwera mlonda wa yunifomu yosita bwino, wofunsa aliyense kuti, "Mwadzatani, bwana?" Kaya uyankhe kuti wadzaona mbidzi, kaya wadzatchera misampha, iye n'kungoti, "Lowani." Kuba sanabe, kugona pantchito sanagone. Koma walandira malipiro a kufunsa chabe, pomwe ntchito yake inali kumva yankho, n'kutha kukana. Ineyo ndimamuona wolakwa kuposa wogona uja, poti wogonayo aliyense amamuona kuti wagona.

Tisaseke a Dropbox. Mu 2013 makompyuta a boma a IFMIS ankafunsa pasiwedi, macheke ankafuna masiginecha, zonse zinalipo. Komabe kafukufuku wa Baker Tilly pa nkhani ya Cashgate anapeza kuti kuyambira April mpaka September ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka, zina kupita ku makampani amene sanagulitse boma ngakhale bolopeni, ndipo mbiri ya malipiro ena inkafufutidwa m'kompyuta.

Kusiyana kwake kulipo. Pulogalamu ilibe chikumbumtima, sinadyepo kanthu, ndipo vuto litadziwika a Dropbox analikonza m'mphindi 5. Wosayina cheke ali ndi maso, amatha kuwerenga dzina la kampani n'kufunsa kuti katunduyo ali kuti. Milandu ya Cashgate inatenga zaka kukhoti.